Mafunso ndi mayankho pa mankhwala otsitsa cortisol akakumana ndi mankhwala ena

Tsamba ili ndi la anthu a ku Ntcheu ndi Dedza amene ali pa mankhwala a nthawi yaitali, pamodzi ndi abale amene amawadwazika. Kuno munthu mmodzi amatha kulandira ma ARV pa khomo lina, mankhwala a TB pa khomo lina, mapiritsi a mphumu kapena nyamakazi tsiku linanso, kenaka n'kudzigulira yekha mafuta odzola pamsika. Amene adalemba mankhwalawo mwina sadaonanepo, koma mankhwalawo amakakumana m'thupi limodzi. China chimene chimasokonezeka akakumana ndi cortisol, ndipo iyeyu akatsika kwambiri munthu amatha kumwalira ndi matenda oti akadachira. Palibe yankho pano limene likukuuzani kuti musiye mankhwala anu. Pa nkhani iyi kusiya mwadzidzidzi ndiko kumapha.

Cortisol n'chiyani kwenikweni?

Ndi homoni imene thupi limadzipangira lokha. Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono kotchedwa adrenal, ndipo cortisol amapangidwira m'menemo. Tiziwalo timeneti timadikira uthenga wochokera ku kachiwalo kena ka kunsi kwa ubongo, ka pituitary, kamene kamatumiza homoni ya ACTH kudzera m'magazi. Cortisol akachepa uthengawo umakula, akakwana umachepa.

Amachuluka m'mamawa munthu akamadzuka, n'kutsika kwambiri pakati pa usiku. Amagwira BP kuti isagwe, amasunga shuga wa m'magazi pamene munthu sadadye, amaziziritsa kutupa. Koma ntchito yake imene ikutikhudza pano ndi ya pa tsiku la mavuto. Malungo akagwira, m'mimba mukatseguka, pa ngozi, pobereka kapena pa opaleshoni, thupi limafuna cortisol wochuluka kuposa masiku onse. Munthu wa tiziwalo tofooka amatha kumalima kachewere wake bwinobwino kwa miyezi osadziwa kanthu, mpaka tsiku limene thupi lidzapemphe woonjezera n'kumusowa.

Ndi mankhwala ati amene amamutsitsa?

Alipo amene amatseka kapangidwe kake m'tiziwalo ta adrenal momwemo. Wodziwika kwambiri ndi ketoconazole wa mapiritsi, mankhwala a matenda a mafangasi monga chipere. Abale ake, fluconazole ndi itraconazole, amatha kuchita zomwezo mocheperapo, makamaka pa mlingo waukulu. Metyrapone, mitotane, osilodrostat amene adavomerezedwa ku Ulaya ndi ku America mu 2020, ndi levoketoconazole amene America idavomereza mu 2021, amaperekedwa dala kwa odwala matenda a Cushing, amene thupi lawo limapanga cortisol wopyola muyeso. Etomidate, mankhwala ogonetsera pa opaleshoni, alinso m'gulu lomweli.

Ena amatseka uthenga wochokera ku ubongo. Awa ndi ma steroid onse, mankhwala ogwira ntchito ngati cortisol: prednisolone, dexamethasone, hydrocortisone, opopera mphumu, jakisoni wa m'mfundo, ngakhale mafuta odzola amphamvu. Morphine womwedwa kwa nthawi yaitali amathanso kutero. Ndiye pali ena amene kapangidwe sakakhudza, koma amachititsa kuti cortisol awonongeke msanga m'chiwindi: rifampicin wa TB, ndi mankhwala a khunyu monga phenobarbitone, phenytoin ndi carbamazepine.

Matenda a Cushing ndi osowa, ndipo ambiri a ife sitidzaona n'komwe botolo la metyrapone. Nkhani yathu kuno kwenikweni ndi prednisolone, rifampicin, ritonavir wa m'ma ARV ena ndi fluconazole, mankhwala amene ali m'zikwama za anthu pa mzere wa kuchipatala tsiku ndi tsiku.

Prednisolone si cortisol yemweyo? Angamutsitse bwanji?

N'zoona kuti amagwira ntchito yofanana, ndipo vuto lili pomwepo. Ubongo susiyanitsa cortisol wanu ndi wa m'piritsi. Ukaona kuti m'magazi muli wokwanira umasiya kutumiza ACTH, tiziwalo ta adrenal timagona, ndipo pakapita nthawi timafota. Prednisolone 5 mg ali ndi mphamvu yofanana ndi hydrocortisone 20 mg kapena dexamethasone 0.75 mg, ndipo mlingo umenewu uli pafupi ndi umene thupi la munthu wamkulu limapanga patsiku. Choncho amene wamwa 5 mg kapena kuposa tsiku lililonse kwa milungu yopitirira 3 kapena 4 tizimuona ngati tiziwalo take tagona kale. Akasiya lero, mawa alibe wa m'piritsi, alibenso wake. Kuti tidzukenso pamatha kupita miyezi, kwa ena mpaka chaka.

Amene wapatsidwa prednisolone wa masiku 5 mphumu itabanika asade nkhawa, akhoza kumaliza n'kusiya. Chimodzimodzi mayi wapakati amene wabayidwa dexamethasone kuti mapapo a mwana akhwime. Koma amene amabwereza masiku 5 amenewa mwezi ndi mwezi, kaya pogula yekha, wayamba kulowa m'gulu la amene tikuwadera nkhawa.

Nanga mankhwala amasokonezana bwanji m'thupi?

Ambiri amakaphwanyidwa m'chiwindi ndi enzyme yotchedwa CYP3A4. Tiyerekeze ndi chigayo cha pa trading: rifampicin amachithamangitsa, moti steroid amene mwamwa amagayidwa n'kutha asadagwire ntchito yake, pomwe ritonavir, ketoconazole, itraconazole ndi clarithromycin amachiimitsa, steroid n'kumangounjikana m'magazi. Kuthamanga kumabweretsa kusowa kwa cortisol. Kuunjikana kumabweretsa kuchuluka kwa steroid poyamba, tiziwalo n'kugona, kenaka kusowa kumadza tsiku limene chimodzi mwa ziwirizo chachotsedwa.

Njira ina ndi yongophatikiza: mankhwala awiri amene aliyense amatsitsa cortisol pang'ono, pamodzi amamutsitsa kwambiri. Palinso ya mtima ndi ya chiwindi, zimene tizikamba m'munsimu.

Ndayamba mankhwala a TB. Ndichite mantha?

Mantha ayi, koma tcheru. Munthu wa tiziwalo tabwino akamwa rifampicin, thupi limangoonjezera kapangidwe ndipo sipakhala vuto. Anthu amene ayenera kusamala ndi a mitundu iwiri.

Oyamba ndi amene TB yawafika m'tiziwalo ta adrenal momwemo. Dokotala wa ku London, Thomas Addison, atafotokoza za matenda a kufooka kwa tiziwaloti mu 1855, ambiri mwa odwala ake chidawavulaza chidali chifuwa chachikulu, ndipo m'maiko ngati lathu TB ikadali pakati pa zifukwa zikuluzikulu za matenda amene tsopano amatchedwa a Addison. Wodwala wotere amafika kuchipatala ataonda ndi kufooka, aliyense n'kunena kuti ndi TB basi. Tiziwalo take tikupanga cortisol wongokwanira kuti akhale moyo. Rifampicin akayamba kuwononga wochepa yemweyo, m'milungu iwiri yoyambirira munthu mmalo mopeza bwino amayamba kusanza, chizungulire, BP n'kugwa. Achibale ena amaganiza kuti mankhwala amukana, n'kumusiyitsa kapena kupita naye kwa asing'anga. Chimene akufunika ndi kubwerera naye kuchipatala tsiku lomwelo kuti akamuone BP, shuga ndi mchere wa m'magazi, ndipo ngati achipatala akukayikira tiziwalo ta adrenal, ampatse hydrocortisone osadikira zotsatira. Muyang'aneninso m'mizere ya m'manja, m'nkhama ndi pa zipsera zakale. Ngati padera kuposa kale, ndipo akulakalaka mchere modabwitsa, auzeni adokotala zimenezi ngakhale sadafunse.

Achiwiri ndi amene ali kale pa hydrocortisone kapena prednisolone. Rifampicin amatha kudula mphamvu ya prednisolone ndi theka kapena kuposa, moti nthawi zambiri madokotala amakweza mlingo, mwinanso kuwirikiza kawiri, kwa miyezi 6 yonse ya mankhwala a TB. Pomaliza pamafunikanso kuonana, chifukwa chiwindi chimatenga pafupifupi milungu iwiri kuti chibwerere mwakale, ndipo mlingo wokwezedwa uja ukasiyidwa momwemo umasanduka wopyola. Rifapentine, amene ali m'mankhwala oteteza TB omwa kamodzi pa mlungu kwa milungu 12 aja, ali ndi khalidwe lomweli.

Ndili pa ma ARV ndipo ndimapopera mphumu. Pali vuto?

Zitengera ma ARV ake. Kuyambira 2019 Malawi idasamutsira anthu ambiri ku mapiritsi okhala ndi dolutegravir, monga 13A, ndipo dolutegravir sakangana ndi ma steroid. Vuto lili kwa amene ali pa atazanavir, lopinavir kapena darunavir, chifukwa onsewa amayenda ndi ritonavir. Ritonavir adayikidwamo dala kuti aimitse CYP3A4 ndi cholinga choti ARV mnzakeyo akhalitse m'magazi, koma sasankha, amaimitsira zonse.

Mankhwala opopera a fluticasone ndi budesonide adapangidwa moti kachigawo kolowa m'magazi kaziwonongedwa msanga. Ndi ritonavir sikawonongeka. Pakatha milungu kapena miyezi nkhope imazungulira, mimba imakula pomwe miyendo ikuonda, pamimba ndi m'ntchafu pamatuluka mizere yofiirira, shuga ndi BP zimakwera. Chomvetsa chisoni n'chakuti pa mudzi anthu amamuyamikira kuti mankhwala amuyanja, wanenepa. Mkatimo tiziwalo take tagona. Jakisoni mmodzi wa triamcinolone wa m'bondo kapena pamsana wachitapo zomwezi kwa anthu a pa ritonavir, chifukwa amakhala m'thupi kwa milungu.

Beclomethasone ndiye wopopera amene sakhudzidwa kwenikweni, ndipo ndi amene madokotala amasankha pa anthu otere. Salbutamol, wa buluu uja, si steroid.

Pali kamsampha kena kamene sikakambidwa kawirikawiri. Munthu amene wakhala pa ritonavir ndi steroid pamodzi akasinthidwa kupita ku dolutegravir, steroid wa m'magazi amatsika mwadzidzidzi ngakhale sadasinthe kapoperedwe kake. Kufooka, nseru ndi chizungulire zikabwera m'milungu yotsatira, musangoti ndi ma ARV atsopano akuzolowera thupi. Kanenedwe kake ku kiliniki n'kosavuta: ndidali pa wakuti pamodzi ndi wopopera wakuti, chisinthireni ndikumva chonchi. Efavirenz ndi nevirapine ali kumbali inayo, amathamangitsa chiwindi, koma osafika pa rifampicin.

M'bale wanga ali pa fluconazole chifukwa cha matenda oumitsa khosi. Asiye?

Asayerekeze. Matenda oumitsa khosi a cryptococcus amapha, ndipo fluconazole ndi mzati wa chithandizo chake: 1200 mg patsiku m'milungu iwiri yoyamba, 800 mg kwa milungu 8, kenaka 200 mg kwa nthawi yaitali. Kutsika kwa cortisol chifukwa cha fluconazole kumachitika mwa apo ndi apo, makamaka kwa wodwala kwambiri amene tiziwalo take tavulala kale ndi TB kapena matenda ena obwera chitetezo chikatsika, ndiponso kwa amene akumwa steroid pambali. Chimene mungachite monga womudwazika ndi kuonetsetsa ngati akukanika kuimirira chifukwa cha chizungulire, akusanza kosalekeza kapena akukomoka ndi njala, n'kuuza anamwino msanga.

Musamugulirenso dexamethasone poganiza kuti mutu uleka. Kafukufuku amene adafalitsidwa mu 2016, amene Malawi idatenga nawo mbali, adapeza kuti dexamethasone pa matenda amenewa sapulumutsa moyo ndipo amaonjezera mavuto. Pa TB ya mu ubongo ndiye steroid amathandiza. Kusiyanitsa awiriwa n'kwa achipatala atayeza madzi a pamsana.

Piritsi limodzi la fluconazole 150 mg la mauka silikhudza cortisol wa munthu wabwinobwino.

Ketoconazole ndimamuona mu shampu ndi m'mafuta a zikanga. Nayenso ndi woopsa?

Wodzola ndi wosambira m'mutu salowa m'magazi mokwanira kuti afike ku adrenal. Woopsa ndi wa mapiritsi. Mu 2013 mabungwe oyang'anira mankhwala ku Ulaya ndi ku America adaletsa kapena kuchepetsa kwambiri kumugwiritsa ntchito pa matenda a pakhungu ndi m'zikhadabo chifukwa cha kuvulaza chiwindi, ndipo ku America adatchulanso kufooketsa adrenal. Chaka chotsatira Ulaya idamulola pa matenda a Cushing okha, moyang'aniridwa ndi katswiri. Ine ndikuona kuti palibe chipere kapena chikanga chimene chingayenere kuti munthu aikire chiwindi chake pa chiswe chonchi, pamene mankhwala ena alipo.

Kwa amene walemberedwa ketoconazole ndi katswiri, mankhwala osagwirizana naye ndi ambiri. Amafuna asidi wa m'mimba kuti asungunuke, ndiye omeprazole ndi mapiritsi otafuna a chilungulira amamulepheretsa kulowa. Rifampicin amamuchotsa pafupifupi yense, nevirapine ndi phenytoin amamutsitsanso. Iye naye amakweza simvastatin mpaka minofu kuvulala, amakweza nifedipine ndi amlodipine mpaka BP kugwa. Pamodzi ndi isoniazid, pyrazinamide kapena mowa, chiwindi chimamenyedwa mbali ziwiri. Maso achikasu, mkodzo wakuda ndi kupweteka kumanja pansi pa nthiti ndi chifukwa chopitira kuchipatala lero lomwe.

Nanga amene akudwaladi Cushing, n'kupatsidwa mankhwala awiri nthawi imodzi?

Zimachitika mwadala. Katswiri amatha kuphatikiza ketoconazole ndi metyrapone chifukwa amatseka malo osiyana pa kapangidwe ka cortisol, ndipo nthawi zina amatsekeratu n'kupereka hydrocortisone wolowa mmalo. Zimenezi zimayendera magazi oyezedwa pafupipafupi, ndipo wodwala wochokera kuno amazichitira ku chipatala chachikulu monga Kamuzu Central kapena Queen Elizabeth.

Akabwerera kumudzi ndi pamene pamafunika kudziwa zingapo. Metyrapone ndi osilodrostat amatha kukweza BP ndi kutsitsa mchere wa m'magazi wa potaziyamu, choncho hydrochlorothiazide (HCT) kapena furosemide wa pa kiliniki ya BP amaonjezera kutsikako. Osilodrostat akakumana ndi clarithromycin kapena itraconazole amakwera, moti mlingo wake umayenera kudulidwa. Phenytoin amafooketsa metyrapone. Metyrapone amachedwetsa kutuluka kwa paracetamol, ndiye Panado wongomwa osawerenga si bwino. Mitotane amathamangitsa chiwindi kwa miyezi, moti womwa amafunika hydrocortisone wochuluka kuposa wa masiku onse, ndipo spironolactone amatha kulepheretsa mitotane kugwira ntchito.

Mafuta oyeretsa khungu ndi mapiritsi onenepetsa akulowa bwanji m'nkhaniyi?

Akulowa pakhomo lalikulu. Timachubu tambiri toyeretsa khungu timene timagulitsidwa pamodzi ndi zodzola zina m'misika tili ndi clobetasol kapena betamethasone, ma steroid amphamvu kwambiri opangidwira matenda a khungu kwa masiku owerengeka pa malo aang'ono. Munthu akamasakaniza m'botolo la mafuta n'kumadzola thupi lonse m'mawa ndi madzulo kwa zaka, wolowa m'magazi amakwana kugonetsa adrenal. Werengani timalemba ta pa chubu. Kuno kumalire, kuyambira Dedza, Lizulu, Tsangano mpaka Biriwiri, katundu amadutsa mbali zonse ndipo zina zimalembedwa m'Chipwitikizi, koma maina monga clobetasol, betametasona ndi dexametasona amazindikirika.

Mapiritsi amene ena amamwa kuti anenepe kapena atuluke mbina nthawi zambiri amakhala dexamethasone. Kunenepa kwake ndi kwa matenda: mafuta pankhope ndi pamimba, mafupa kufooka, shuga. M'maiko angapo, zitsamba za m'mabotolo zogulitsidwa kuti n'za nyamakazi zidapezekapo zitathiridwa steroid mobisa. Mankhwala a zitsamba amene amachotsa ululu wa mawondo tsiku limodzi, n'kumakudwalitsani mukangosiya, ndi oyenera kuwakayikira.

Ndikudziwa kuti mayi amene amadzola zimenezi sangazitchule pamaso pa anthu pa mzere. Koma akakhala pa atazanavir kapena fluconazole, kapena akuyembekezera kukabereka ndi opaleshoni, chubu chimenecho ndi mankhwala ngati ena onse. Pemphani kulankhula ndi anamwino pambali. Ndipo achipatala nawo afunse mwaulemu, chifukwa munthu akanyozedwa kamodzi sadzaululanso. Kusiya kwake kukhale kwa pang'onopang'ono. Ogulitsa mankhwala opanda chilolezo mukhoza kuwanena ku bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority.

Ndimamwa mankhwala a shuga, a khunyu, a chithokomiro. Zikundikhudza?

A shuga inde. Cortisol akatsika shuga amatsikanso, ndiye mlingo wa insulin kapena glibenclamide umene udali wabwino dzana umayamba kukomola. Fluconazole amakwezanso glibenclamide m'magazi. Wodwala shuga amene wayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta pafupipafupi, chonsecho kadyedwe sadasinthe, afotokoze mankhwala onse amene wayamba kapena wasiya posachedwa. Kumbali inayo, munthu akayamba kumwa prednisolone shuga amakwera.

A khunyu amafanana ndi rifampicin: amene ali pa hydrocortisone kapena dexamethasone angafunike mlingo wokwererapo. Sodium valproate alibe khalidwe lothamangitsa chiwindi, koma ali ndi zovuta zake kwa amayi oti angatenge pakati, choncho kusintha n'kwa adokotala. Levothyroxine akayambidwa mwa munthu amene adrenal wake ndi wofooka osadziwika, amatha kumugwetsa. Pamene pali zonse ziwiri, amayamba hydrocortisone, wa chithokomiro pambuyo.

Ndikadwala malungo ndimwe LA?

Imwani mukayezetsa, ndipo nenani zimene muli nazo kale. Ketoconazole, fluconazole wa mlingo waukulu ndi osilodrostat amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima, ndipo kwinini, erythromycin, haloperidol ndi amitriptyline amatero nawonso. LA amakhudza pang'ono, kwinini kwambiri. Ngozi imakula potaziyamu akatsika chifukwa cha kusanza kapena kutsegula m'mimba. Mtima ukamathamanga modumphadumpha kapena munthu akakomoka, thamangani naye. Rifampicin amafooketsa LA, choncho wa TB amene malungo sakutha abwerere kukayezetsanso.

Chachikulu pa malungo n'chakuti thupi latentha, ndipo amene amadalira steroid akufunika woonjezera tsiku limenelo.

Woonjezera wake ndi wochuluka bwanji?

Munthu wamkulu amene tiziwalo take sitigwira ntchito amamwa hydrocortisone pakati pa 15 ndi 25 mg patsiku, wogawidwa kawiri kapena katatu, wambiri m'mamawa. Thupi likatentha kapena akadwala mpaka kugona, lamulo lodziwika ndi kuwirikiza kawiri mpaka atachira, kawirikawiri masiku awiri kapena atatu. Funsiranitu adokotala anu za mlingo wanu wa tsiku lodwala, ndipo aulembe m'kabuku ka kuchipatala musadadwale. Mukasanza piritsi lisadathe theka la ola, imwani lina. Mukasanzanso, mapiritsi sakugwiranso ntchito, pakufunika jakisoni.

Ndingadziwe bwanji kuti madzi afika m'khosi?

Zizindikiro zake zimafanana ndi matenda a tsiku ndi tsiku, n'chifukwa chake zimaphonyeka. Kufooka kosaneneka, kusafuna kudya, nseru, kuonda, chizungulire poimirira, kuphwanya kwa thupi. Zikafika poipa, munthu amasanza, m'mimba mumapweteka kwambiri, amatsegula, amazizira manja, amayankhula zosamveka kapena kugona osadzuka. Mwana amatha kukomoka ndi kugwedezeka chifukwa cha shuga wotsika. Chosiyanitsa si chizindikiro chimodzi ayi, koma mbiri ya mankhwala: wasiya steroid posachedwa, wayamba rifampicin, wasinthidwa ma ARV, mafuta odzola aja atha.

Musadikire kuti kuche. Ngati akutha kumeza, mpatseni mlingo wake wa steroid wowirikiza ndi Thanzi ORS kapena madzi a shuga ndi kamchere, mugonekeni chammbali, pezani njinga yamoto kapena galimoto. Pa chipatala chaching'ono chapafupi nenani mawu awa musadafunsidwe: amamwa steroid, kapena wasiya steroid. Chithandizo chake ndi hydrocortisone 100 mg wa mumtsempha kapena m'mnofu kwa munthu wamkulu, diripi ya madzi a mchere, ndi shuga ngati watsika. Ana amalandira wocheperapo malinga ndi msinkhu. Jakisoni mmodzi ameneyu sapweteka munthu ngakhale zitapezeka kuti vuto lidali lina, pomwe kumuchedwetsa kumatha kutayitsa moyo. Ngati akutumizidwa ku Dedza boma, ku Ntcheu boma kapena ku Mua, pemphani kuti abayidwe asadanyamuke.

Ndikupita ku opaleshoni. Ndinene chiyani?

Nenani steroid aliyense amene mwagwiritsa ntchito m'chaka chapitachi, ngakhale mudasiya, kuti ogonetsa akupatseni hydrocortisone woteteza ngati pakufunika. Kuno amadalira kwambiri ketamine ndi jakisoni wa pamsana, amene satseka adrenal. Etomidate ndiye amatseka, ndipo jakisoni mmodzi amatha kutsitsa kapangidwe ka cortisol kwa tsiku lathunthu kapena kuposerapo. Kwa munthu wamphamvu sizionekera, koma kwa amene ali kale pa ketoconazole kapena fluconazole wambiri, kapena amene wadwala kwambiri chifukwa cha mabakiteriya olowa m'magazi, ogonetsa ayenera kudziwa. Lamulo losadya usiku wa opaleshoni silitanthauza kudumpha steroid wa m'mamawa. Funsani, nthawi zambiri amalola kumeza ndi kamadzi pang'ono kapena amabaya.

Za kulera zikukhudzidwa?

Jakisoni wa Depo pa mlingo wa kulera sabweretsa vuto la cortisol kwa amayi ambiri. Mapiritsi okhala ndi estrogen monga Microgynon satsitsa cortisol, koma amachititsa kuti poyeza magazi aoneke wokwera kuposa mmene alili, ndiye atchuleni musadayezedwe. Chimene amayi ayenera kumva ndi chakuti rifampicin, carbamazepine, phenytoin ndi mitotane amafooketsa mapiritsi olera ndi ka pamkono. Lupu ndi Depo sizifooka.

Amayeza bwanji?

Magazi amatengedwa m'mamawa, cha m'ma 8 kapena 9 koloko, pamene cortisol amayenera kukhala pamwamba. Akapezeka wotsika nthawi imeneyo ndiye kuti pali nkhani. Ngati zotsatira zili pakatikati, amabaya ACTH wopangidwa ku fakitale n'kuonanso pakatha mphindi 30 kapena 60. Kuyeza kumeneku nthawi zambiri kumafuna chipatala chachikulu, ndipo prednisolone kapena hydrocortisone womwedwa m'mawa womwewo amasokoneza zotsatira, choncho funsani nthawi yomwera. Zimene zingaoneke pafupi ndi kwathu zimanenanso zambiri: BP yoyezedwa mutagona ndi mutaimirira, shuga, sodiyamu wotsika ndi potaziyamu wokwera.

Ndakhala ndikugula prednisolone ndekha kwa chaka. Ndisiye bwanji?

Pitani nawo mapiritsiwo kuchipatala ndipo nenani zoona za mlingo ndi nthawi. Amatsitsa pang'onopang'ono, mofulumirirapo pamene mlingo uli pamwamba, kenaka mwachifatse mukafika cha pa 5 mg, chifukwa pamenepo ndi pamene tiziwalo tanu tikuyenera kuyambanso ntchito. Mudzamva kuphwanya m'mfundo ndi kutopa, ndipo matenda amene mudayambira mankhwalawo, kaya mphumu kaya nyamakazi, akhoza kubwerera. N'chifukwa chake pamafunika chithandizo china cha matendawo nthawi yomweyo, apo ayi mudzabwerera ku golosale. Ngakhale mutamaliza, kwa miyezi ingapo mukadwala kwambiri muzinena kuti mudali pa steroid.

Ndili ndi timabuku tiwiri ta kuchipatala. Kodi n'kulakwa?

Ambiri amatero pofuna kubisa za ma ARV, ndipo chifukwa chake n'chomveka. Koma pa nkhani ino kabuku kachiwiri ndiko kamachititsa kuti wolemba budesonide asadziwe za ritonavir. Ngati simukufuna kuti za ma ARV zioneke kwa aliyense wotsegula kabuku, yendani ndi mabotolo ake m'chikwama ndipo muwaonetse amene akukulemberani mankhwala muli awiri m'chipinda. Onetsani zonse: za ku TB, za ku kiliniki ya BP ndi shuga, zopopera, zodontheza m'maso ndi m'mphuno, timachubu, za ku famase ya pa boma, za asing'anga. Funso lofunsa ndi limodzi: adokotala, awa mwandipatsawa akugwirizana ndi awa? Amene amadalira steroid apemphe kuti zilembedwe ndi zilembo zazikulu pa tsamba loyamba, ndipo munthu mmodzi wa pakhomo adziwe.

Ndapita kumaliro kutali, kapena kukagwira ntchito ku Joni, mankhwala andithera. Nditani?

Musadikire kubwerera kwanu. Pitani pa chipatala kapena famase yovomerezeka yapafupi tsiku lomwelo ndi kabuku kapena paketi yakale. Hydrocortisone akasowa, prednisolone amatha kulowa mmalo mwake kwa kanthawi pa mlingo wofanana mphamvu, 5 mg pa 20 mg iliyonse, ndipo achipatala akuwerengereni. Amene ali ndi matenda a Addison enieni ndipo amamwanso fludrocortisone anene zimenezo padera, popeza prednisolone sagwira mokwanira ntchito yosunga mchere m'thupi. Pa ulendo wina uliwonse nyamulani mapiritsi a masiku oonjezera pamwamba pa amene mwawerengera, kuphatikizapo a tsiku lodwala, ndipo akhale m'thumba la pathupi, osati m'katundu wokwezedwa pamwamba pa basi.